Mwera Pachifuwa M'mawa, Kumsana Madzulo

Kuno kunyanja chisanu sichibwera chokha, chimabwera ndi mwera. Mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto mphepo imatembenuka n'kuyamba kuwomba kuchokera kummwera chakum'mawa, ndipo imatero mpaka Ogasiti, nthawi zina masiku angapo osapumira. Nyanja imawinduka, mafunde n'kumachita thovu, asodzi amakokera mabwato awo pamchenga, usipa n'kukwera mtengo pamsika. Anzathu a ku Dedza ndi ku Mzuzu akamva ife a ku Nkhotakota tikudandaula za kuzizira amangoseka, ndipo sindingawatsutse. Kwathu kuno n'kotsika, moti ngakhale m'bandakucha wa mu Julayi kuzizira kumangothera cha m'ma madigiri 15. Koma madigiriwo sawerengera mphepo, ija imakupeza poyera dzuwa lisanatuluke n'kukulowa m'manja a malaya mpaka m'khwapa.

M'nyengo imeneyi ndi mmene ine ndinayamba kupita kuntchito pa njinga yakapalasa, ndipo yanditenga mtima moti ndikufuna aliyense amve.

Ndimakhala kutsidya kwa mtsinje wa Bua, chakumpoto pang'ono kwa mlatho, koma ntchito ndimagwira pa boma. Zaka zonsezi ulendo wanga unali wa minibasi, Sienta kapena matola, chilichonse chimene chaima. Kupalasa ndinaphunzira ndili mwana pa njinga ya amalume, mwendo nditaupisa kunsi kwa chitsulo chapakati poti chishalo sindinkachifikira. Nditayamba ntchito, njinga inatsalira kumudzi pamodzi ndi zaubwana zina zonse. Chimene chinandibwezera kwa iyo ndi thumba. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wokwerera unayamba kusinthasintha, ndipo mafuta akasowa m'malo omwetsera galimoto, unkaima pamsewu mpaka dzuwa kukwera, galimoto zikungodutsa zitadzaza kale kuchokera ku Dwangwa. Nditawerengera ndalama imene inkathera pa thiransipoti pamwezi, ndinaona kuti ya miyezi yowerengeka yokha ikwana njinga. Ndinagula yakuda, yolemera, yopanda magiya, ya mabuleki a ndodo zachitsulo ndi kaliyala yotakata, mtundu uja umanyamula chilichonse kuyambira mbuzi mpaka malata.

Kunyumba ndi kuntchito komwe mawu anali amodzi, akuti dikira kaye chisanu chidutse. Mayi anga aang'ono anachita kundiitanitsa. "Mwanawe, ukufuna chifuwa? Mwera uno ngakhale asodzi akuuthawa, iwe ndiye ukalimbane nawo pamsewu?" Ndinawamvetsera mwaulemu, koma njinga inali itagulidwa kale ndipo ndalama ya minibasi inali italowa momwemo. Lero ndikunena ndi mtima wonse kuti kuno kunyanja palibe nyengo yabwino yoyambira kupalasa yoposa Juni ndi Julayi.

Kuzizira kumapweteka poyambira pokha. Ukatuluka m'nyumba kusanayere bwino, handulo imakhala ili zii, zala zimauma, misozi imangotuluka yokha ndi mphepo. Ndinagula jekete ndi chipewa chaubweya pa kaunjika. Magolovesi sindinawapeze, ndiye ndimachita zimene ndinaonera anyamata a kabaza, kuvala masokosi m'manja. Milomo ndimapaka Vaseline, apo ayi imang'ambika sabata isanathe. Koma miyendo ikangozungulira kwa kanthawi, thupi limadzikolezera lokha moto. Pofika pa Lozi chipewa chimakhala chitalowa m'chikwama, ndipo ndikamayandikira Kaombe jekete nayo ndaimangirira pa kaliyala. Ndimafika kuntchito thupi lili lofunda, malaya ali ouma, mutu utayera. Amene anakhalapo pa Nkhotakota mu Okutobala akudziwa kukula kwa nkhani imeneyi, chifukwa mwezi umenewo munthu umachucha thukuta utangokhala pansi pa mtengo. M'chisanu mvula imakhala italeka, matope auma, timitsinje tabwerera m'malo mwake. Munthu woyamba kumene, miyendo yake isanakhwime, angafunenso chiyani?

Pamlatho ndimaima. Poyamba ndinkaima kuti ndipumitse zala, koma tsopano ndimaima chifukwa mtima sulola kungodutsa. Mtsinje uwu ndauwoloka kosawerengeka pa galimoto, ndipo uli m'minibasi Bua ndi kusintha chabe kwa phokoso la matayala, kamphindi kamodzi, iwe maso ali pa foni kapena pa chenje chimene kondakitala sanakubwezere. Pa njinga umatsika, n'kuitsamiritsa pa chitsulo cha mlatho, n'kusuzumira pansi. M'nyengo ino madzi atsika ndipo ayera, si aja ofiira a mu Febuluwale obwera ndi zitsa ndi zinyalala. Nkhungu imakhala itayala pamwamba pa madziwo, mabango akugwedera m'mbali. Dzuwa likamatuluka kutsidya la nyanja, kumbali ya Mozambique, kuwala kumayamba kwagwira mapiri a m'nkhalango kumadzulo, kenako kumatsika pang'onopang'ono mpaka kudzakhudza nsonga za mabango, nkhungu ija n'kuyamba kung'ambika. Nthawi zambiri ndi pamenepo pamene nkhwazi imalira.

Madzi amene ndimawayang'anawo achokera kutali. Ayambira ku Mchinji, adutsa zigwa za ku Kasungu, n'kudzatsetsereka m'miyala ya m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, mmene njovu zimamwera. Zambiri mwa njovuzo n'zobwera: bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, linasamutsira kuno njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete m'zaka za 2016 ndi 2017. Ndipo kunsi kwa mlatho womwewu ndi kumene nsomba ya mpasa imadutsa ikamachoka m'nyanja kukwera kukaswana pa timiyala ta kumtunda. Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene nsomba imeneyi ikadali kudalira. Zonsezi ndinazimva kusukulu ndi pa wailesi, koma palibe anandiuza kuti malo amenewa ali ndi fungo lakelake la m'mawa, la matope ozizira osakanikirana ndi utsi wa nkhuni ndi udzu wa mpunga wongomweta kumene. Kutsikira kumadzi sinditsikira, poti ng'ona za mu Bua aliyense wa kuno amazidziwa. Pamwamba pomwepa pamandikwanira.

Juni ndi mwezi wa mpunga. Anthu opita ku sikimu ya Bua ndi kumadambo amalawirira ndi zikwakwa m'manja, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri, abambo manja m'khwapa. Ana a sukulu amaunjikana pa kamoto ka zinyalala m'mphepete mwa msewu, kuwotha kaye asanapitirize. Kilombero akamapunthidwa, kafungo kake kamafika mpaka paphula. Pa mathandala chinangwa choviika chili mbee, kudikira kukasanduka ufa wa kondowole. Chimene sindinachiyembekezere ndi moni. Munthu wa pa njinga amayenda pa liwiro loti mawu n'kumupeza, ndiye "mwadzuka bwanji" amakutsatira njira yonse, ndipo iwe uyenera kuyankha ngakhale mpweya ukuperewera. Pali agogo ena aakazi amene ndimawapeza akusesa pabwalo m'mawa uliwonse. Tsiku lina nditadwala chimfine osadutsa, mawa lake anaimitsa tsache n'kufuula, "Mdzukulu wanga, dzulo tinakusowani, kunali kwabwino?" Zaka zonse zimene ndadutsa pakhomo pawo pa galimoto, sitinkadziwana n'komwe.

Njinga imaphunzitsanso msewu. Wa pa galimoto angalumbire kuti kuchoka pa Bua kukafika pa boma ndi pathyathyathya. Miyendo imadziwa zina. Imadziwa pamene msewu umakwera mobisa, pamene umatsetsereka ukamayandikira kamtsinje, pamene mitengo ya mango imatchinga mphepo n'kukupatsa mpata wopuma, ndi pamene minda yatseguka mpaka kunyanja moti palibe chokubisa.

Tsopano za mwera weniweniwo. Kuchoka kwathu kupita pa boma ndi kulowera kummwera, kutanthauza kuti m'mawa mphepoyi timakumana maso ndi maso. Masiku ena imadzuka yofatsa, kungokusisita kumaso. Masiku ena imadzuka ndi ukali, ndipo ulendo wonse umasanduka chitunda chosaoneka. Umaponda pedulo ndi thupi lonse, njinga n'kumangokwawa. Jekete imafufuma kumsana, m'makutu mumangomveka kuti fuuu, ndipo ukangoleka kupalasa kamphindi njinga imaima nji. Mnzanga wina wophunzitsa sayansi anandifotokozera chifukwa chake. Akuti mphamvu imene mpweya umakukankha nayo imakula mofulumira kuposa liwiro. Ukamayenda makilomita 15 pa ola kunja kuli bata, kenako n'kubwera mphepo ya makilomita 15 pa ola kuchokera kutsogolo, mpweya ukukumenya pa liwiro la 30, ndipo kukankha kwake kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake kuwerama pang'ono, kupinda zigongono ndi kutseka zipi ya jekete kumathandiza kuposa kungolimbikira kupondereza.

Mphepoyi imachokera kunyanja yamchere ya Indian Ocean. Ikafika pa nyanja yathuyi, imene inagona chautali pakati pa mapiri kuchokera ku Mangochi mpaka ku Karonga, imapeza njira yopanda chotchinga ya makilomita oposa 500, ndiye imathamanga mmene ikufunira. Si mphepo yoseweretsa. Pa 30 Julayi 1946, m'nyengo ngati yomwe ino, sitima ya Vipya inamira pa namondwe kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anatsikira kuli chete. N'chifukwa chake a zanyengo akachenjeza za mwera pa wailesi, asodzi amatchera khutu. Kale chenjezo limeneli ndinkaliyesa la asodzi okha. Masiku ano nane ndimalidikira usiku, kuti ndidziwe ngati mawa n'kofunika kulawirira.

Nzeru yaikulu ya pamsewu ndinaiphunzira m'mawa wina mwera utalusa. Nditangopitirira Lozi anandipeza bambo wina wachikulire, matumba awiri a mpunga atawamanga ndi malegeni pa kaliyala. Anandiyang'ana mmene ndinkavutikira n'kunena kuti, "Achimwene, musalimbane nayo nokha. Khalani kumbuyo kwangaku, pafupi ndithu, tayala lanu lizitsata langa." Ndinatero. Nthawi yomweyo phokoso la m'makutu linachepa, mapedulo anapepuka, mpweya unabwerera m'chifuwa. Matumba aja anali akundidulira mphepo. Titayenda kamtunda anapatukira kumbali n'kundikodola ndi mutu. "Tsopano tsogolani inu, nane ndipumeko." Tinasinthana choncho mpaka pa Kaombe, ndipo pofika apo mzere unali utatalika, chifukwa mnyamata wina wa dengu la nsomba ndi mwana wina wa sekondale anali atalowamo osaitanidwa. Palibe anafunsa mnzake dzina. Pofika pamphambano aliyense analiza belu n'kulowera kwake.

Masiku angapo pambuyo pake ndinaona pa TV ya m'sitolo ina mpikisano wa njinga wa Tour de France, umene umachitika mu Julayi. Akatswiri aja anali atandandalikana pamzere, wakutsogolo akatopa n'kupatuka kubwerera kumbuyo, mnzake n'kutenga malo. Ndinaima pakhomo pa sitoloyo chimwemwe chitandidzaza, chifukwa chinali chomwechija tinachita pakati pa Lozi ndi Kaombe. Bambo wa mpunga uja sanaonere kwa iwo. Anaphunzitsidwa ndi mwera womwewu, zaka ndi zaka, katundu ali kumbuyo.

Chubu chinandibookera koyamba kufupi ndi Kaombe, munga utalowa m'tayala lakumbuyo. Apo m'pamene ndinazindikira kuti msewu wonsewu uli ndi amisiri ake. Ukaona tayala lakale litapachikidwa pa nthambi ya mango, dziwa kuti pansi pake pali wokonza njinga. Amene ndinawapeza ine anali bambo a imvi, atavala mzuli, atakhala pa kachitsa, kamoto ka zitsononkho kakufuka pambali. Anaigadamiza njinga, chishalo ndi handulo pansi, matayala m'mwamba. Anatulutsa chubu osamasula n'komwe wilo, anachipopa pang'ono, n'kumachimiza m'beseni la madzi chigawo ndi chigawo, maso ali tcheru, mpaka timathovu tinayamba kukwera pamzere. Anabaya kamtengo ka machesi pabowopo kuti pasasowe, anapukuta ndi kansanza, n'kupala ndi kachidutswa ka sandipepa mpaka mphira inachita mbuu. Chigamba anachidula ku chubu chakale, n'kuchizungulitsa bwinobwino ndi sizasi kuti chisakhale ndi ngodya yomatukira. Anapaka sulushoni ndi chala mbali zonse ziwiri, kenako anangokhala phee, manja ali pamoto.

Ine maso anali pa wotchi. "Bambo, nthawi ikundithera, bwanji mungomata?"

"Ayi mwanangu, sulushoni safuna phuma. Chisanu chino amachedwa kuuma. Ndikamata panopa mukafika bwino pa boma, koma madzulo mubwera mukukankha."

Anadikira mpaka kunyezimira konse kunatha, ndiye anamata, n'kumenyamenya chigambacho pa thabwa ndi chigwiriro cha sipanala. Asanabwezere chubu anayendetsa chala m'kati mwa tayala monse mpaka anaupeza munga uja, anauzula, n'kundiika padzanja kuti ndiuone. Chigamba chimenecho chikugwirabe mpaka lero. Iwowa ndi amene anandiuza kuti m'nyengo ya fumbi tcheni sichifuna oyilo wambiri, chifukwa oyilo amaitana mchenga, mchengawo n'kumadya mano a fulawilo. Anandiuza kuti kuyenda ndi tayala lofewa pa mwera n'kudzionjezera mdani wachiwiri, kuti kotapini akayamba kulira usamudikire, ndi kuti sipoko imodzi ikaduka zinzake zimatsatira. Chishalo anachikweza ndi zala zitatu, ndipo kupweteka kwa mawondo kumene ndinkamva kunatha sabata yomweyo. Ndalama imene anatchula inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi luso lawo. Kuyambira tsiku limenelo sindidutsa pamtengo pawo osaliza belu.

Sindingabise kuti msewu wa M5 umaopsa. Ndi wopapatiza, ndipo m'malo ena m'mphepete mwa phula munadyeka, moti pakati pa phula ndi dothi pali kaphompho kotha kukugwetsa. Chisanu ndi nyengonso yodula nzimbe ku Dwangwa, ndiye magalimoto akuluakulu amachuluka, kuonjezera pa mabasi olowera ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu. Lamulo losalembedwa n'lakuti hutala ikalira kumbuyo, wa njinga atsikire m'fumbi. Ndimatsika, poti moyo ndi umodzi. Koma zimandiwawa, makamaka ndikaona mayi mwana ali kumsana, mtolo wa nkhuni pa kaliyala, akudzandira potsika phula chifukwa woyendetsa wina walephera kudikira kamphindi. Mutaima pamsewu uwu m'mawa n'kumaona odutsa, mupeza kuti a njinga ndi oyenda pansi ndiwo ochuluka. Okonza misewu akamajambula mapulani awo azikumbukira kuti eni msewu ambiri alibe injini, ndipo chimene akupempha n'chaching'ono: mpata wa phula m'mbali, wotakata bwino, wosalala, wosadukizadukiza pa milatho.

Vuto lina la nyengo ino ndi mdima. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, ndipo likangolowa kumada msanga. Ndinamangirira tochi ku handulo, ndinagula kagalasi kofiira konyezimira ka kumbuyo, ndipo ndimavala malaya owala. Njinga zambiri zimene ndimakumana nazo madzulo zilibe chilichonse mwa izi, umangozindikira munthu ali kale pamphuno pako. Ndikanakhala ndi mphamvu, palibe njinga ikanatuluka m'sitolo yopanda kagalasi kameneka.

Koma madzulo akewo! Ndikaweruka, mphepo ija inandizunza m'mawa ndimaipeza ikadali pomwepo, kungoti tsopano tikulowera kumodzi. Si tsiku lililonse, pena imakhala itagona. Koma tsiku limene mwera walimba kuyambira m'mawa mpaka kulowa kwa dzuwa, ulendo wobwerera ndi mphatso. Umangoponda pang'ono, njinga n'kuyamba kudziyendera. Zimandikumbutsa dzanja la amalume pamsana panga nthawi ija ankandiphunzitsa kupalasa, likukankha mofatsa, ine osadziwa kuti asiya liti. Ndipo pali kanthu kena kamene palibe anandiuzapo. Liwiro lako likafanana ndi la mphepo, phokoso lonse la m'makutu limatha. Mitengo ya m'mbali ikuwerama, udzu ukugona, fumbi likuthamanga pambali pako, koma pankhope pako pali bata, moti umamva matayala akulira paphula ndi tcheni chikuyenda myaa. Tsiku loyamba kuzimva ndinaseka mokweza ndili ndekha pamsewu, chifukwa cha chimwemwe chokhachokha. Kumadzulo dzuwa limakhala lili psuu ndi utsi wa tchire limene anyamata osaka mbewa ayatsa, amayi akuanula mpunga umene unayanikidwa, ku mzikiti akukonzekera kuitanira mapemphero. Mtunda umene m'mawa unandidya mphamvu zonse umafupika moti ndimafika kwathu kukadali kowala, ndisanakhute n'komwe kupalasa.

Kuntchito anthu anazilandira mosiyanasiyana. Ena ananditengera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu ngati zinthu zavuta kunyumba. Funsolo ndi lachikondi, koma likuonetsa mmene timaionera njinga yakapalasa, kuti ndi ya munthu amene sanafike pogula yamoto, monganso wa yamoto sanafike pogula galimoto. Ku Netherlands, dziko limene njinga n'zochuluka kuposa anthu, Mark Rutte ankapalasa popita ku ofesi ali nduna yaikulu, ndipo tsiku lotula pansi udindo mu Julayi 2024 anachoka pa njinga. Mumzinda wa Oulu ku Finland ana amapalasa popita kusukulu chipale chofewa chili mbuu pansi, kuzizira kutatsika kupitirira ziro, chifukwa akuluakulu a mzindawo amaonetsetsa kuti njira za njinga zikukonzedwa nyengo yonse yachisanu. Komabe sindikufuna kuti tiyambe kulemekeza njinga poti azungu akukwera. Aphunzitsi a m'midzi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, abusa ndi mashehe akhala akupalasa misewu ino zaka zambirimbiri. Katemera wafika m'midzi ali pa kaliyala, odwala afika kuchipatala pa ambulansi ya njinga, mpunga wa pa Bua wafika kuchigayo ndi kumsika pa matayala awiri. Ulemu umenewu unayenera kubwera kalekale.

Ndipo ine, amene ndimangonyamula chikwama cha mapepala ndi kakontena ka nkhomaliro, ndikudziwa kuti chimene kwa ine chili chisangalalo, kwa bambo wa matumba awiri uja ndi thukuta lopezera ana chakudya. Mwera womwe ndikuuyamikirawu, iye umamuchedwetsa kumsika, ndipo msodzi umamugoneka ndi njala. Sindiiwala zimenezo. N'chifukwa chake ikakwana nthawi yanga yotsogolera mzere ndimakhalitsako kutsogolo, poti katundu wanga ndi wopepuka.

Thupi nalo layankha. Masabata oyambirira ntchafu zinkawawa ndikamakhala pansi, ndipo njala inkandigwira 10 koloko isanakwane. Tsopano ndimamwa tiyi ndi mbatata yophika ndisananyamuke, manachesi ndimaponya m'chikwama a panjira, ndipo madzulo nsima ya kondowole ya chigwada kapena usipa imatsika bwino kuposa kale. Tulo timabwera tokha. Loweruka lina, lopanda ntchito, miyendo inakana kukhala pakhomo, ndiye ndinapalasa mpaka ku akasupe a madzi otentha a ku Mawira, kumene nthunzi imafuka kukazizira, n'kukaviika mapazi pakati pa anthu osamba ndi ochapa. Ndinabadwira m'boma lino, koma chichokereni kusukulu ndinali ndisanapondekonso. Pa minibasi ulendo wotere umafuna chifukwa ndi ndalama. Pa njinga umangofuna kuti kunja kwacha.

Ogasiti akupita kumapeto tsopano, mwera wayamba kudukiza, maluwa a mango ayoyoka n'kusiya timango tating'onoting'ono. Bambo a pa Kaombe andichenjeza kale kuti mayeso enieni ndi Okutobala ndi Novembala, pamene phula limatentha dzuwa likangotuluka, ndipo mvula ikamayandikira mphepo idzatembenuka, mpoto n'kumandikankha m'mawa, madzulo n'kumandikaniza. Malangizo awo ndi akuti ndizinyamuka 5 koloko, malaya a kuntchito ndiziwapinda m'chikwama n'kukavalira komweko, botolo la madzi lisamasowe, ndipo ndisadikire Disembala kuti ndisinthe mphira za mabuleki, chifukwa pa rimu yachitsulo yonyowa mabuleki sagwira msanga. Mphirazo ndagula kale. Aphunzitsi ena aakazi oyandikana nafe, amene akhala akundifunsa mitengo ya njinga, agula yawo sabata yatha. Tagwirizana kuti Lolemba tinyamukire limodzi 6 koloko, ndipo chigawo choyamba mpaka pa Lozi nditsogola ndine.